Bushta Atasiya Kukuwa

Nkhani yoti Bushta akufa inayambira pa uvuni, pomwe amayi a m'dera lathu amasiya mikate yawo m'mawa kuti iwotchedwe. Pofika swala ya masana inali itadutsa kale kwa ometa, yakwera kunyumba yosambira, yatsikira kwa osula mkuwa, ndipo paliponse pomwe inkaima inkanenepa ngati nkhosa yodikira Idi. Ena ankati matendawo ali m'mimba, aja sitiwatchula dzina. Ena ankati ayi, ali m'chifuwa. Lalla Ghita, yemwe maliro samudutsa ngakhale akhale a munthu wosamudziwa, ankati azitona a chaka chino mwamunayo sawalawa. Ine ndinaseka nditamva, koma ndinaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, chifukwa chimene anthuwo ankanena nanenso ndinali nditachiona: Bushta anali atasiya kukuwa.

Bushta anatsika ku mapiri a ku Taounate ali mnyamata, ndi mkanjo umodzi komanso pakamwa pamene Mulungu anapaumba tsiku limene sankafulumira. Muno m'kati mwa malinga a Fez galimoto silowa, tinjira take n'toti anthu awiri onenepa akakumana amapatsana moni ndi mimba, choncho katundu yense amayenda pamsana pa bulu. Iye anayamba ndi zikopa zaziwisi, kenako ufa, kenako simenti, ndipo zaka makumi awiri zapitazi wakhala pa zigubu za gasi, zinayi ulendo umodzi, ziwiri uku ziwiri uku. Aliyense woyendetsa bulu amakuwa kuti "Balak" kuti anthu apatuke. Anzake amakuwa kamodzi n'kudutsa. "Balak" wa Bushta anali ndi mchira: ankayamba ndi iwe, n'kupita kwa bambo ako, n'kukathera kwa agogo ako amene anakuphunzitsa kuima pakati pa njira ngati chitsa. Sanamenyepo munthu, tinene zoona. Amayi amasiye ankawakwezera gasi mpaka chipinda chapamwamba, akutukwana masitepe onse kuyambira pansi, ndipo akamuthokoza ankawakalipira kuti akumuchedwetsa.

Mkazi wake Mbarka anakhala m'phokoso limenelo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo analizolowera monga momwe oyandikana ndi osula mkuwa amazolowerera nyundo. Wotchi analibe nayo ntchito. Akamva mawu a mwamuna wake akutsika cha pampopi, ankatereka ketulo. Akamva akutukwana mphaka wa pakhomo pa Lalla Ghita, ankaponya timbewu tonunkhira m'tiyi. Akalowa m'nyumba mlandu unali wa mchere, kaya wachepa kaya wachuluka, tiyi wazizira, chitseko chikulira. Nayenso Mbarka si munthu womeza mawu. Ankabweza bwinobwino, moti mwana wawo Turiya, yemwe anakwatiwa ku Meknes, amati masiku oyamba kwa apongozi ake chakudya sichinkatsika chifukwa m'nyumbamo munali zii ngati m'chipatala.

M'nyengo yozizira bulu wakale wa Bushta anafa, nkhalamba yogontha imene inamva zambiri pamoyo wake mpaka makutu anatula pansi udindo. Bushta anapita kumsika wa ziweto n'kubwerako ndi wina, wamkazi, wotuwa, wa maso aakulu, yemwe ankamutcha Adona chifukwa cha kayendedwe kodzimva. Patapita milungu itatu, tsiku lina Mbarka akukanya ufa anangoona mthunzi pakhomo. Potembenuka anapeza mwamuna wake wavula kale nsapato, wakhala pamkeka, ketulo ili yozizira.

"Mwalowa bwanji?"

"Pakhomo, amake Turiya. Tiyiyo usamuthamangire, ndidikira."

Mawu oti ndidikira anali asanatulukepo m'kamwa mmenemo chikwatiranire. Mbarka anati ayese. M'mawa mwake anathira mchere m'nyemba, dzanja lodzaza kawiri, mchere woti ngakhale mbuzi ikanabwerera. Bushta anadya, anamwa makapu atatu a madzi, n'kunena kuti Mulungu adalitse manja ako. Mbarka anakakhala pathumba la ufa.

Zotsalazo anabwera nazo ndi Lalla Ghita, masana ena, atanyamula mbale ya shuga yobweza yomwe sanabwereke. Choyamba chinali cha Si Allal wogulitsa zipatso zouma. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, malemu bulu uja anapisa mlomo m'dengu la nkhuyu la Si Allal, ndipo Si Allal anamuswa buluyo ndi tsache pamphuno. Kuyambira pamenepo awiriwa moni analibe, ndipo Bushta akamadutsa pasitolopo ankasunga mawu apadera amene sangalembedwe. Tsopano, anatero Lalla Ghita, Bushta wamanga bulu, walowa m'sitolo, wapsompsona Si Allal pachipumi n'kupempha kuti akhululukirane. Kuno munthu amapepesa mdani wake pa zifukwa ziwiri, akupita ku Maka, mzinda woyera, kapena akupita kumanda, ndipo dzina la Bushta pa opita ku Maka panalibe. Chachiwiri chinali chakuti tsiku lililonse ikatha swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, amatuluka pachipata cha Ftouh, kukwera kumanda, n'kukhala pakati pa mitumbira maso ali tseke, ngati munthu woyeserera nyumba asanasamukiremo.

"Limba mtima, m'bale wanga," anatero Lalla Ghita akudzithirira tiyi wachitatu. "Za nsalu yoyera usavutike, ndili nayo yabwino, ndinasungira amuna anga koma sakuonetsa changu."

Munthu wodwala matenda otere safunsidwa. Ukamufunsa ndiye wamukankha, ukatchula dzina la matendawo ndiye wawapatsa mpando. Mumangomusamala, iye akunamizira kuti ali bwino, inu mukunamizira kuti mwakhulupirira, mpaka tsikulo lifike. Mbarka anachita zimene amayi ake akanachita. Anayamba kupha nkhuku pakati pa mlungu, yophika ndi mandimu ndi azitona monga Bushta amaikondera. Anaitanitsa Turiya, yemwe anabwera popanda chikondwerero chilichonse, n'kumangoyang'ana bambo ake, kenako n'kuthawira padenga kukaona zovala zimene panalibe. M'njira anthu anayamba kupatuka Bushta akadali patali, akudziphatika kukhoma, dzanja pachifuwa. Ometa anamumeta mosamala ngati mkwati. Ine ndemwe ndinamusiyira mpando wanga wa pakona komwera khofi, umene sindinaupatsepo ngakhale mlamu wanga.

Bushta zonsezi ankazilandira ndi nkhope yowala. Tsiku lina akutsuka m'manja anauza mkazi wake kuti anthu a mumzinda muno asintha, aphunzira ulemu, mwina ndi maulaliki a Lachisanu ayamba kulowa. Mbarka anavomera kuti mwina ndi amenewo, n'kupita kukasenda anyezi amene sankafunika.

Chimene chinkamudya kwambiri si chete yekhayo ayi. Chinali chakuti mwamuna watsopanoyu anamukonda. Ankabwera padenga n'kukhala pambali pake iye akusankha timiyala mu mphodza, osanena kuti wachedwa, osanena kuti akutaya nthawi, kungokhala, n'kumamuonetsa adokowe amene amanga chisa pansanja ya mzikiti. Tsiku lina anamufunsanso za bondo lake, limene lakhala likumupweteka kuyambira Turiya ali kumbuyo. Mbarka anaganiza kuti, zaka zonsezi munthu ameneyu anali kuti, nanga bwanji wafika nthawi yotsanzika? Anayamba kuwerenga masiku osadziwa kuti awerenge mpaka pati. Mkate wake unayamba kubwera kuchokera ku uvuni uli gwa, chifukwa ankaiwala kuthira yisiti, ndipo amayi anzake sankamuseka, zimene zinamuopsa koposa.

Mwezi utatha anatopa. Lachitatu lina anabwereka mkanjo wakuda wa Lalla Ghita, anaphimba nkhope kusiya maso monga amachitira amayi achikulire, n'kuima pangodya mpaka Bushta atatuluka mumzikiti n'kumasula bulu. Anawatsatira chapatali, bondo likudandaula, kudutsa ogulitsa miphika, kutuluka pachipata, kukwera chitunda. Inali nyengo ya maluwa, udzu utafika m'maondo pakati pa mitumbira. Bushta anatsitsa chishalo, anapukuta msana wa bulu ndi chiguduli, n'kumusiya adye. Iye anakhala patsinde la mzitona, miyendo tambalale. Patapita kanthawi Adona anabwera yekha n'kuima pafupi, ndipo Bushta anagwada, anatsamiza tsaya panthiti za bulu, chikhatho pamimba pake, n'kutseka maso. Chapafupi panali dzenje latsopano, lopanda mwini, popeza okumba manda amasunga limodzi kapena awiri okonzeratu. Mbarka ataliona, mwambo wonse wa amayi ake unathera pomwepo. Anatuluka kuseri kwa mtumbira n'kuvula chophimba.

"Bambo a Turiya, ndatopa kunamizira. Adokotala anati mwatsala ndi miyezi ingati?"

Bushta anatsegula diso limodzi. "Adokotala ake ati? Ine chibadwire sindinavulepo malaya pamaso pa dokotala. Nanga mkanjo wa Ghita ukutani nawo? Ukuoneka ngati khwangwala wopunduka."

Mbarka anakhuthula zonse ataimirira: mchere uja, Si Allal, manda awa, dzenje ilo, ndi munthu wolowa m'nyumba ngati mphaka. Anati ngati akupita anene, iye si mwana, akufuna adziwe kuti akonzeke. Bushta anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina womva kupatula akufa, n'kumuuza kuti akhale pansi, alumbire pamutu pa Turiya kuti sakauza munthu. Mbarka anakhala pansi koma kulumbira anakana.

Nkhani yake, monga Mbarka anadzatifotokozera pambuyo pake, inali iyi. Buluyo analeredwa ndi mayi wina wamasiye wa kumapiri, wokhala yekha, yemwe ankalankhula naye chapansipansi ngati mwana. Tsiku loyamba pantchito, Bushta atangotsegula pakamwa kuti "Balak", Adona anaima njo ngati wakhomeredwa ndi misomali. Anawonjezera mawu, bulu anawonjezera kuima. Anatukula ndodo, bulu anakhala pansi ndi zigubu zonse zinayi, pakati pa njira, anthu atadzaza kutsogolo ndi kumbuyo. Zinatero masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, m'kanjira kena kopanda anthu, mawu atasasa, mutu ukugunda, Bushta anangotsamira pabulupo chifukwa chosowa potsamira pena. Khutu lake linagwera panthiti. Anamva mpweya ukulowa pang'onopang'ono, ukuima, ukutuluka pang'onopang'ono koposa. Wake womwe unayamba kutsatira osautuma. Mapewa ake, amene ankakhala m'makutu zaka makumi anayi, anatsika. Ndipo bulu ananyamuka yekha n'kuyamba kuyenda.

Poyamba ankayesa kuti vuto ndi mawu okha, choncho ankatukwana chamumtima. Sizinathandize. Adona amamva pachingwe. Dzanja likangolimba, iye waima. Ndiye Bushta anaphunzira kugwira chingwe ndi zala ziwiri, kumasula chibwano, ndi kupuma potsata ziboda: kukoka mpweya bulu akuponda kanayi, kuutulutsa akuponda kasanu ndi kamodzi. Wina akamutsekera njira, mawu aja amabwerabe, amafika pakhosi ali ndi nsapato zawo, koma akawerenga mpaka kasanu ndi kamodzi amapeza abwerera okha. Kumanda kuno amabwera chifukwa ndi kokhako kuli udzu, komanso eni ake safunsa mafunso.

"Nanga Si Allal?" anafunsa Mbarka.

"Si Allal ndikanatani naye? Ndikangoona dengu lake dzanja linkadzilimbira lokha, Adona n'kuima pakhomo pake penipeni, tsiku ndi tsiku, iye akundiyang'ana. Njira yopita kwa osoka ndi imodzi. Ndinaona kuti kupsompsona dazi lake n'kwapafupi kusiyana ndi kusenza zigubu pamutu panga." Anakanda ndevu. "Chodabwitsa n'chakuti nditatero ndinapepukidwa. Munthu uja tiyi amadziwa kuphika."

Anati chimene wakhala akubisa ndi manyazi basi. Bushta, mwamuna wa zaka makumi anayi pantchito, kuphunzitsidwa kupuma ndi bulu. Zikamveka komwera khofi angalowenso? Ine ndikuti anaganiza bwino, chifukwa ndikumudikira komweko kuti ndimuseke.

Apa Mbarka anamuuza chimene dera lonse likunena, ndi chifukwa chimene anthu akudziphatikira kukhoma iye akamadutsa, ndi za nsalu yoyera ya Lalla Ghita. Anaona nkhope ya mwamuna wake ikufufuma, mtsempha wa pakhosi ukudzuka, chifuwa chikudzaza, ndipo mumtima anati eya, wabwera uja ndimamudziwa. Adona anasiya kutafuna, anagoneka makutu, n'kusuntha mapazi awiri. Bushta anayang'ana bulu, bulu anayang'ana Bushta. Mpweya uja unatuluka wautali, wopanda agogo a munthu aliyense.

"Ndiye nkhuku zija zinali zotsanzikana?"

"Zinali."

"Usawauze msanga tsono. Tifike nazo Lachisanu."

Mbarka anavula nsapato n'kumumenya nayo paphewa, osati kwambiri, akuseka ndi misozi yomwe. Kenako Bushta anamukoka dzanja kuti ayese nayenso. Mbarka anati sangagwadire bulu pamaso pa makolo a anthu, komanso chinyamacho chikununkha. Bushta anati fungolo umaliiwala pa mpweya wachisanu. Anakangana pang'ono, chapansipansi poopa Adona, mpaka Mbarka anatambasula bondo lake lija, n'kutsamiza tsaya paubweya wofunda. Nthiti zinkakwera ngati mtanda wa mkate wothira yisiti yokwanira, n'kutsika. Kumusi mzinda unkamveka patali, nyundo za osula mkuwa zili ngati supuni m'kapu. Anawerenga kanayi, anawerenga kasanu ndi kamodzi, anasokoneza, anayambiranso. Penapake anasiya kuwerenga osadziwa. Mfundo imene inali pansi pa nthiti zake mwezi wonse inamasuka, ndipo anakhala chomwecho mpaka mthunzi wa mzitona unafika pamtumbira wachitatu. Atadzuka anati fungolo silinachoke, wanama, koma mawa abweranso, ndipo abwera ndi mkeka.

Komabe Mbarka si mayi woti bulu amuuze za thanzi la mwamuna wake. Potsika chitunda anati mawa m'mawa, ntchito ya gasi isanayambe, akupita kuchipatala. Bushta anati alibe chomupweteka. Mbarka anati matenda aja nawonso amayamba osapweteka, ndipo mwezi wathunthu walira munthu wamoyo, ndiye munthu wamoyoyo angathe kuvula malaya kamodzi. Madzulo omwewo Lalla Ghita pobwera kudzatenga mkanjo wake anamva zonse, n'kupukusa mutu kuti odwala otere amapeka nkhani zokoma kuti atonthoze akazi awo, ndipo iyi ya bulu ndi yokoma kwambiri moti ikumukayikitsa. Ine nditamva ndinati mwina Ghita ali ndi mfundo, pakuti ndani anaonapo munthu wa ku Taounate akuzizira mtima ali bwinobwino?

Kuchipatala anakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu. Bushta anakhala pabenchi manja ali pamaondo, akupuma kanayi ndi kasanu ndi kamodzi, pomwe Mbarka ankalimbana ndi aliyense wofuna kulowerera kutsogolo, ndi mawu ena amene mwamuna wake anawazindikira kuti ndi ake. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa Turiya. Anamuvulitsa malaya, anamvetsera chifuwa kutsogolo ndi kumbuyo, anadinadina mimba, anamanga mkono poyeza kuthamanga kwa magazi, anatenga magazi m'timabotolo titatu, n'kumutumiza kukajambulitsa. Anafunsa kuti chikumuvuta n'chiyani, ndipo Mbarka anayankha kuti wasiya kukalipa. Dokotalayo analemba kanthu papepala, sitikudziwa kuti chiyani, n'kuwauza kuti abwerenso Lachiwiri.

Lachiwiri anapita. Magazi ali bwino, m'chifuwa muli bwino, m'mimba mulibe kanthu. Bushta sakudwala.